Musadikire Tsiku la Gauni

Amayi ndi abambo a kwa Kawinga, a ku Nanyumbu, Ntaja, Nsanama, Nselema, mpaka ku Nayuchi ndi m'mbali mwa nyanja ya Chiuta; inu a ku Liwonde, Ulongwe, Utale, Phalula ndi pa Balaka, tcherani khutu. Nkhani ya lero ndi ya ana athu amene ali ku koleji ndi ku yunivesite, koma kwenikweni ikulunjika kwa ife amene tinatsala kumudzi.

Ndikufunseni funso, ndipo mudziyankhe nokha chamumtima. Mwana wanu uja anasankhidwa kupita ku Zomba, kaya ku Domasi, ku Thyolo, ku Bunda kapena ku Mzuzu, kodi chitseko cha chipinda chimene amagona munachionapo? Amagona angati mmenemo? Madzi amatunga kuti? Nanga atadwala usiku, womuperekeza kuchipatala dzina lake ndani? Nambala yake ya foni tinailoweza, poti ndi imene timatumizirapo ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Zinazo tikafunsidwa timangoti, “Ali kusukulu, ali bwino.”

Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyu ali ku sekondale yogonera konko sitinkatero. Tsiku lokaona ana likakwana, amayi ankalawirira tambala asanalire, kuphika mpunga, kukazinga nkhuku ndi mtedza, kumanga zonse pansalu, n'kukwera kabaza mpaka kumsewu. Akafika ankayala chitenje pansi pa mtengo, mwana n'kumadya osacheuka, aphunzitsi n'kumadutsa kupereka moni. Pobwerera tinkadziwa kuti mwana waonda kapena wanenepa, kuti nsapato yaseka, kuti masamu akumupweteka mutu. Koma atangokhoza mayeso a Fomu 4, dzina lake n'kumveka kuti wasankhidwa, phazi lathu linathera pomwepo. Tidzapitanso pakatha zaka zinayi, tsiku la gauni, titachita hayala minibasi, banja lonse litasoketsa nsalu imodzi, kukaimba nthungululu pabwalo.

Ife a kuno jando timalidziwa. Anyamata akalowa ku ndagala, mayi amaphika, n'kukatula chakudya chapatali, n'kubwerera. Zam'katimo si zake. Iye amadikira tsiku lotuluka kuti adzavine. Umenewo ndi mwambo, ndipo kumeneko kuli anakanga ndi alombwe amene ntchito yawo ndi kuyang'anira anawo usana ndi usiku. Tsono yunivesite nayo taisandutsa ndagala: kutula ndalama pa foni, osayandikira, n'kumadikira tsiku lovina. Koma kumeneko kulibe lombwe amene anapatsidwa mwana wanu, ndipo palibe mwambo kapena lamulo limene linaletsa kholo kupondako.

Kumaiko ena, makamaka ku America, mayunivesite ambiri amapatula Loweruka ndi Lamlungu limodzi, kawirikawiri mu Seputembala kapena Okutobala, n'kuitana mabanja a ophunzira. Makolo amalowa m'kalasi kukamvetsera phunziro, amacheza ndi akuluakulu a sukulu, amaonera mpira, n'kudya limodzi ndi ana awo. Sindikuti titengere zonsezo. Anzathuwo amapita pagalimoto zawo n'kukagona m'mahotela. Chimene ndikufuna muchione ndi nthawi imene anasankhayo. Amapita chaka cha sukulu chitangoyamba kumene, pamene mwana wayamba kupukwa kwawo, ndalama zoyamba zatha, ndipo ali m'kati mosankha anzake oyenda nawo.

Wina anena kuti, “Nanga akale aja ankawayendera ndani? Si anamaliza bwinobwino?” N'zoona. Koma yunivesite ya kale si ya lero. Pamene University of Malawi inkayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ophunzira analipo 90 okha. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, wophunzira ankagona pasukulu pomwepo, kudya ku kafeteriya m'mawa, masana ndi madzulo, boma likulipira, kandalama ka m'thumba n'kumalandiranso. Kholo likanadera nkhawa chiyani? Lero mayunivesite aboma alipo 6. Kuli Mzuzu University, kuli LUANAR ku Bunda, kuli MUST imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinapanga KUHeS, dzina lakale lija n'kutsala ku Zomba. Ophunzira achuluka zedi, koma malo ogona sanachuluke nawo. Ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda. Ku Zomba mukangotchula Chikanda, palibe wofunsa kuti n'kuti. Amadziphikira okha, kapena kugula chakudya m'timalesitilanti. Amwayi amalandira ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, limene linakhazikitsidwa mu 2015, koma si onse amene amaipeza, ndipo nthawi zina imafika mimba italira kale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkakwana mwezi inayamba kuthera pakati.

Palinso china chimene chimatikhudza ife makamaka. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi, mwana wa konkuno ku Machinga, linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri mwa ana amenewo analekezera panjira, wina Sitandade 5, wina Fomu 2, ndipo ena mwa iwo ndiwo makolo a ophunzira a lerowa. Choncho m'mabanja ambiri kwathu kuno, amene ali ku yunivesiteyo ndi woyamba m'mbumba yonse. Alibe mkulu wake woti amutsine khutu kuti kumeneko zimayenda chonchi. Makolo akenso getilo amaliopa. Amaganiza kuti akafika mlonda awafunsa mafunso m'Chingerezi. Mlondayo ndi munthu ngati inu nomwe, mwinanso kwawo ndi kwa Chikowi kapena kwa Malemia, ndipo moni wanu amuyankha m'chinenero chomwecho.

Nanga mtunda? Wochokera ku Ntaja amatsika ndi msewu wa Bakili Muluzi mpaka pa Liwonde. Kuchoka pa Liwonde kukafika ku Zomba, kudzera pa Machinga boma, Malosa ndi Domasi, ndi makilomita pafupifupi 50. Wa ku Balaka naye amadzera pa Liwonde pomwepo. Munthu wolawirira nkhomaliro amakadyera ku Zomba, n'kudzagona kwawo tsiku lomwelo. Ndalama ya thiransipoti ndi yowawa masiku ano, sindikukana. Koma kukagwa maliro kapena kukakhala ukwati, timayenda mtunda woposa pamenepa, ndalamayo n'kupezeka. Nthawi yabwino ndi pamene mwagulitsa mpunga kapena nandolo, msewu uli wouma.

Musanyamuke mwakabisira kuti mukamugwire. Amene mukukamuonayo ndi munthu wamkulu tsopano, wakuti amavota. Muimbireni, mugwirizane tsiku. Mumufunse kuti mayeso ali liti, chifukwa mlendo wofika sabata ya mayeso amakhala mtolo, ngakhale atakhala mayi wobereka. Komanso musatengane mudzi wonse. Anthu khumi akafika pa kachipinda kamodzi, amatha ufa umene abweretsa n'kuyamba wa mwini wake. Awiri kapena atatu akwana.

Pa awiri kapena atatuwo, ine ndikanakonda amalume asasowe. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume. Pa chinkhoswe amakhala patsogolo, pa milandu amayankhula ndi iwo, ndiye pa sukulu asamakhale kumbuyo. Ndipo ngati pali malo a munthu mmodzi woonjezera, musatenge mnzanu wocheza naye m'minibasi. Tengani mng'ono wake wa wophunzirayo, makamaka mtsikana amene ali Sitandade 7 kapena 8. Boma lathu la Machinga limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya maukwati a ana. Lamulo lilipo, mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Mafumu akhala akuthetsa maukwati otere. Koma mtsikana wa zaka 13 sasankha tsogolo powerenga lamulo. Amasankha poona ndi maso. Kumudzi amaona mnzake wobwera ndi foni yatsopano ndi zitenje zochokera kwa mwamuna wa ku Joni. Mulekeni akaonenso atsikana ochuluka akutuluka m'kalasi, mabuku ali kukhwapa, akukangana za mayeso, ndipo mmodzi mwa iwo akulankhula Chiyao cha ku Nsanama. Ulendo umenewo sauiwala, ndipo akabwerera amakausimba kwa anzake kuchitsime.

Za kunyamula sindingakuphunzitseni. Ufa, mpunga, nyemba kapena nandolo, nsinjiro, mfutso, matemba ouma a ku Chilwa. Zinthu zokhalitsa. Nkhuku yamoyo yokha isiyeni kumudzi. Kumeneko kulibe khola, ndipo mwana wanu adzatchuka nayo mpaka chaka chomaliza.

Tsono mwafika. Musalole kuti akulandirireni padepoti, kukugulirani Fanta, n'kukukwezani minibasi. Chimene mwadzera ndi chipinda. Nenani mofatsa kuti, “Mwanawe, tiye tikaone kumene umagona.”

Mukalowa, khalani pansi kaye, maso azolowere. Mwina mupeza mabedi awiri, mwina matilesi pansi. Ndowa ya madzi pakona, mbaula kapena kachitofu ka magetsi, mabuku pa katoni, zovala pachingwe chomangidwa kuchoka pazenera kukafika pamsomali. Musayambe ndi kudzudzula kuti simosesa. Yang'anani loko wa pachitseko, ngati ndi wogwira kapena ndi wongonamizira. Yang'anani zenera. Neti ya udzudzu ilipo, ndipo ndi yomangidwa kapena ili m'chikwama? Pemphani kuti mukataye madzi, kuti muone chimbudzi ndi bafa, ndi kuchuluka kwa anthu amene amagwiritsa ntchito. Amayi, vundukulani mphika. Mphika sunama. Mukapeza kuti ndi wouma mbee ndipo m'thumba la ufa mwangotsala fumbi, mwamva zimene pa foni sakanakuuzani. Kenako mufunse njira imene amadzera usiku pochokera kowerenga, muyende naye njirayo masana, muone ngati ndi yodutsa m'chimanga kapena pa mlatho wa mitengo. Kwa mwana wamkazi, funso limeneli ndi lalikulu kuposa la ufa.

Mnzake wogona naye chipinda, amene iwo amati mesho, mupatseni moni ngati mwana wanu. Mufunseni kwawo, mutenge nambala yake, inunso mumusiyire yanu. Tsiku limene foni ya mwana wanu idzakhale yozima masiku awiri, nambala imeneyo ndiyo idzakugonetseni tulo. Ndipo musachoke musanaonane ndi alandilodi kapena woyang'anira nyumbayo. Palibe chifukwa chokangana nawo. Kungogwirana chanza n'kunena kuti, “Ife ndife makolo a mwanayu, tachokera kwa Kawinga, tati tikuoneni,” n'kokwanira. Mwini nyumba amene waona nkhope ya amalume amayamba waganiza kawiri asanatulutse katundu wa mwana panja chifukwa lendi yachedwa masiku atatu. Mufunsenso pamaso pa onse kuti lendi ndi zingati, imalipiridwa liti, madzi ndi magetsi zili momwemo kapena ayi. Nthawi zina mudzapeza kuti mwana amakuuzani yochepa poopa kukulemetsani, yotsalayo n'kumaichotsa pa chakudya. Nthawi zinanso, tisanamizane, mudzapeza kuti amakuuzani yochuluka.

Chakudya cha masana chili pawiri. Mukhoza kuphika pomwepo, amayi n'kutakasa nsima pa mbaula ya mwana wawo, anzake oyandikana nawo n'kuitanidwa. Ana amene makolo awo ali ku Chitipa kapena ku Nsanje nawonso alawe ndiwo za kumudzi. Mawa ndi amene adzagawire mwana wanu mchere. Kapena mukhoza kupita kumene iye amagula chakudya tsiku ndi tsiku, mukagule mbale imene amagula, mulipire ndi dzanja lanu. Mukatero werengerani mtengowo kawiri patsiku kwa masiku 30, muyerekeze ndi ndalama imene mumatumiza. Abambo ambiri amene amakalipa pa foni kuti “ndalama ija yatha kale?” akachita samu imeneyi amakhala chete.

Mukadya, muuzeni akuyendetseni pasukulupo, iye patsogolo ngati mwini mudzi. Akuonetseni kalasi imene amaphunziriramo, ya mipando yokwera ngati makwerero, imene mumalowa anthu oposa a mumpingo wanu. Akuonetseni laibulale; ngati oyang'anira alola, lowani muone mashelefu. Akulozereni kachipatala ka pasukulu ndi ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, amene amati Dean of Students. Ngati muli ndi nkhani yofuna ofesi, monga ya fizi kapena ya ngongole, pitani Lachisanu, chifukwa Loweruka maofesi ambiri amakhala otseka. Asilamu mukhozanso kuswalira limodzi ndi mwana wanu mumzikiti wa m'tauni. Ku Zomba akuonetseninso Great Hall, kumene kumachitikira mwambo wa magauni, kuti tsikulo likadzafika musadzasochere.

Koma chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi ichi: muuzeni akufotokozereni zimene amaphunzira, m'Chichewa kapena m'Chiyao. Musavomere yankho lakuti “n'zovuta, simungamve.” Ngati amaphunzira za nthaka, madzi ndi nyengo, mufunseni chifukwa chake nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, n'kudzadzalanso. Inu munaiona ikuphwa, mukudziwa kumene asodzi anathawira; iye anawerenga m'buku kuti nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mukaphatikiza ziwirizo mucheza mpaka dzuwa kupendeka. Ngati amaphunzira zamalamulo, mufunseni kuti lamulo la malo a mafumu la 2016 likuti chiyani pa munda umene anasiya agogo. Ngati ndi zaulimi, mufunseni za mbozi zimene zikuononga chimanga. Akakanika kufotokoza, musamuseke, koma iye adzazindikira yekha kuti phunzirolo sanalimvetse. Akafotokoza bwino, mudzaona mmene nkhope yake iwalire, poti kwa nthawi yoyamba makolo ake amufunsa nzeru m'malo momufunsa chenje.

Apa ndilankhule ndi inu ophunzira, poti ndikudziwa kuti ena mukumvera pa foni. Tsiku lina ndili pakoleji ina ndinaona mnyamata atavala bwino, zomvera nyimbo zili m'khosi, akuyenda mofulumira. Kumbuyo kwake, patali ndithu, kunkabwera mayi atavala chitenje ndi mpango, thumba lili pamutu, patapata akuwomba m'chidendene. Anakumana ndi anzake a mnyamatayo. Mmodzi anafunsa kuti, “Aise, awa ndi ndani?” Iye anayankha mothamanga kuti, “Ndi akumudzi,” n'kupitirira. Mayi aja anamva. Sananene kanthu, anangokonza thumba pamutu. Ana inu, thumba limenelo ndi limene likukusungani pasukulupo. Lilandireni, mulinyamule ndinu, ndipo mukakumana ndi anzanu imani munene kuti, “Awa ndi mayi anga.” Mwa anzanu mukuwachitira manyaziwo, ambiri mayi awo amavalanso chimodzimodzi. Inunso makolo, musadzichepetse mopitirira. Simunapite kukapempha, mwapita kukaona mwana wanu pasukulu imene msonkho wanu umathandiza kuyendetsa.

Tsopano nkhani yovuta, imene ndiyo mutu weniweni wa ulendowu. Pali zinthu zimene mwana sanganene pa foni. Ku yunivesite munthu akalephera phunziro amalembanso mayeso apadera, amene iwo amati sapu. Akalephera kwambiri amabwereza chaka, kapena kuchotsedwa kumene, amati kuwidedwa. Alipo ana amene anachotsedwa n'kupitiriza kukhala m'tauni, kumalandira ndalama za kumudzi, poopa kubwerera. Si kuti onse ndi akuba. Ambiri ndi mantha. Amadziwa kuti munagulitsa mbuzi, amadziwa kuti mudzi wonse unavina atasankhidwa, ndiye pakamwa pamalemera. Ena alowa m'ngongole za katapila. Ena ndalama zimathera kubetcha mpira pa foni. Atsikana ena njala yawaperekeza m'galimoto za azibambo a misinkhu ya bambo awo. Ena sakumwa, sakuyenda, koma mtima wawo wathodwa, sagona tulo, sadya, amangodzitsekera.

Zimenezi sizifunsidwa pamaso pa mesho, ndipo sizifunsidwa ngati mlandu wa pabwalo. Amalume atengane ndi mphwawo, amayi kapena azakhali atengane ndi mtsikana, ayende pang'onopang'ono. Yambani ndi inu kutsegula khomo: “Mwanawe, ngati pali phunziro limene lakukanika, tiuze lero. Sitikuthamangitsa.” Mukatero khalani chete, mudikire. Ife akuluakulu chete timamuopa, timafulumira kumudzaza ndi malangizo, mwana n'kungoti “chabwino amalume” mpaka kumapeto. Akaulula chinthu chowawa, musafuule. Mufunseni kuti pasukulupo amene angathandize ndani, kaya ndi ofesi ija, kaya ndi mphunzitsi amene amamukhulupirira, kaya ndi abusa kapena ashehe, ndipo ngati n'kotheka mupite naye. Chinanso: mavuto a kumudzi musamutulire onse. Mkangano wa malire a munda, ngongole ya feteleza, zakuti uje akutilodza, zisiyeni pa Liwonde, mudzazitenga pobwerera. Mwana amene akulimbana ndi mayeso sangathetse zimenezo, angozisenza usiku.

Nthawi ikatsala, Zomba ili ndi zoona. Unali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo nyumba yakale ya malamulo ikadalipo. Kuli munda wa maluwa ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, pabwino kuyala chitenje. Amene thumba lawalola akhoza kukwera phiri kukaona damu la Mulunguzi, ndi malo amene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, pamene kukacha bwino munthu amaona nyanja ya Chilwa ili nyezinyezi kum'mawa. Koma zimenezi ndi ndiwo zoonjezera. Ngati muyenera kusankha pakati pa phiri ndi chipinda, sankhani chipinda.

Amene ana anu ali ku Machinga Teachers Training College kapena ku Domasi College of Education, inu ndiye mulibe pothawira. Ndi pakhomo pomwepa. Amene ali ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ulendo ndi wodula, ndiye gwirizanani. Mabanja atatu kapena anayi a dera limodzi amene ana awo ali sukulu imodzi akhoza kusonkha ndalama n'kutuma munthu mmodzi wokhulupirika, akaone ana onsewo, chaka chinacho n'kupita wina. Abambo amene muli ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, amene thukuta lanu ndilo likulipira fizi, mukaimba pa WhatsApp musamangoona nkhope. Muuzeni atembenuze kamera, akuonetseni chipinda, chitseko ndi mphika, akupatseninso mesho mumulonjere.

Kwa akuluakulu a makoleji ndi mayunivesite, pempho langa ndi laling'ono. Patulani Loweruka limodzi pachaka, semesita yoyamba ili pakati, mulengeze pawailesi kuti makolo abwere. Tsegulani laibulale ndi makalasi, maofesi a fizi ndi a ngongole akhale ndi munthu woyankha mafunso, aphunzitsi angapo apezeke. Lankhulani Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena. Kholo lisabwere kudzawombera m'manja mawu amene silinamve. Musalisandutse tsiku la malankhulidwe ataliatali a alendo olemekezeka, ndipo chonde musaikepo mbale ya zopereka, chifukwa mukatero amene akufunika kwambiri kubwera ndi amene adzatsale. Sizifuna chihema kapena gulu loimba. Magulu a ophunzira ochokera boma limodzi akhoza kulandira makolo awo padepoti, ndipo mafumu athu akhoza kulengeza tsikulo pamisonkhano monga amachitira ndi za katemera. Koma inu makolo musadikire kalata yoitana. Ngakhale isabwere, geti ndi lotsegula.

Potsanzika, kandalama kamene mwamusungira mupatseni pambali, osati pamaso pa anzake. Ngati mwaona kuti mesho ali pa mavuto oposa a mwana wanu, mbale ya ufa yopatula siingakusaukitseni. Nyamukani dzuwa likadali m'mwamba, makamaka inu opitirira Ntaja, poti galimoto za kumeneko zimachepa kukamada ndipo a kabaza usiku amakweza mtengo. Lolemba kapena Lachiwiri muimbireni, mumufunse ngati alandilodi akonza loko uja, ndiponso ngati wapita kukaonana ndi mphunzitsi wa phunziro limene likumuvuta lija.